Ya Kuhotela

2 Juni

Wokondedwa Pulofesa,

Landira moni kuchokera kwa ife osaphunzira. Ndikhulupirira uli bwino, ndipo ukadali pa ntchito yako yosaka mipumiro yosochera m'mabuku a eni. Kuno ana ali bwino, alamu ako ali bwino. Amene sali bwino ndi Bambo.

Anatuluka m'chipatala Lolemba. Malungo atha, koma mano anayi anatsala aja awazula onse, poti anali atawola mpaka kutupitsa tsaya. Dokotala akuti magazi achepa kwambiri, ndiye akufunika kudya nyama, mnofu weniweni, osati kumwa msuzi wokha. Nesi aziwayeza pa sikelo Lachisanu lililonse. Mwezi uno ukatha iwo akutsikabe, awagonekanso. Ndipo ukudziwa zimene Bambo analumbira: akadzalowanso m'wodi muja sadzatulukamo ndi miyendo yawo. Ine ndimawadziwa, akanena chinthu amachichita, ngakhale chopusa.

Taganiza, munthu wagulitsa nyama zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, lero nyama yamukanika. Ndinayesa chiwindi, akuti chikununkha chipatala. Ndinayesa yopera pamakina, anakankha mbale n'kunena kuti iwo sadya nyama yotafunatafuna kale munthu wina.

Tsono dokotala anandilembera liwu pa kapepala: fileti. Akuti imeneyo ngakhale usinini umaitha. Ndinapita nako kubutchala, alamu ako n'kuseka: “Iyi si ya kuhotela ija?” Waikumbuka? Minofu iwiri yaitali ija Bambo ankaikulunga m'pepala loyera Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kupita nayo okha pa njinga kukhomo lakuseri kwa hotela. Ija unamenyedwera khofi utaigwira ndi chala. Ine ndakula mpaka kubereka ana atatu ndikudziwa kuti dzina lake ndi “ya kuhotela” basi.

Ndinapempha alamu ako kuti andipatseko umodzi. Anati butchala ndi yawo tsopano, inde, koma pa nkhani iyi sangayerekeze. Ndinafunsa Bambo eni ake. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tibe belu la kutchalitchi. “Ng'ombe imakhala nayo iwiri yokha, ndipo yonse iwiri ndinapangana ndi khukhi wa kuhotela iwe usanavale nsapato. Pangano siliguluka mano.”

Ndiye nayi ntchito yako. Ugule kumeneko m'masitolo anu agalasiwo, utumize pa basi. Ikakhala yosachokera pa ng'ombe yathu, asowa chonamizira. Undiuzekonso kuti fileti ameneyu kwenikweni n'chiyani, poti sukulu tinakutumiza ndiwe.

Ndine mlongo wako wotopa.

10 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndalandira kalata yanu ndi chisoni, komanso, ndisabise, ndi kachimwemwe pang'ono, chifukwa aka n'koyamba munthu wa m'banja mwathu kundifunsa tanthauzo la liwu. Zaka zonsezi mwakhala mukundifunsa za nsapato za ana basi.

Ndafufuza m'mabuku atatu a kuno kuntchito. Fileti ndi liwu lobwereka, ndipo ntchito zake n'zingapo. Poyamba, limanena mnofu wa ng'ombe umene umagona m'kati, kunsi kwa fupa la msana, moyandikana ndi impso. Ilipo iwiri, wina kumanja wina kumanzere, yonenepa kumutu, yowonda kumchira ngati mbewa yaikulu yopanda miyendo. Chinsinsi cha kufewa kwake n'chakuti mnofu umenewu sugwira ntchito. Miyendo imayenda, khosi limakoka goli, nsagwada zimatafuna, koma uwu umangogona pamthunzi moyo wonse. Mukaganiza bwino, Achemwali, chilungamo pa dziko lapansi palibe, ngakhale m'kati mwa ng'ombe.

Kachiwiri, liwuli amaligwiritsanso pa nsomba yochotsa minga, n'kutsala mnofu wokhawokha. Kachitatu, pa chidali cha nkhuku chochotsa fupa. Choncho munthu akangoti “fileti” osatchula nyama yake, wogulitsa wanzeru ayenera kufunsa kuti ya chiyani. Buku lina likuti kalekale liwuli linkanena kachingwe kapena kansalu kopyapyala, ndipo nyamayi inatengera dzina pa maonekedwe ake. Buku lachitatu likufotokoza mosiyanako pang'ono, koma ndili nalo chikayiko chifukwa lili ndi zolakwika ziwiri pa tsamba loyamba lomwe.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi dzina lathu lija. “Ya kuhotela” silikufotokoza kumene nyamayi imachokera, koma kumene imapita. Ndikuganiza zolembapo kankhani.

Za kutumiza, ndikuyang'ana sitolo yodalirika. Zinthu izi sizifuna phuma. Muwauze Bambo alimbe mtima.

Ndine mlongo wanu,
amene mumamutcha Pulofesa.

19 Juni

Iwe Pulofesa,

Moni. Tili moyo, kupatula kuti wina mwa ife akuchepa.

Kalata yako tinailandira. Ndinaiika mu poto, ndinathira mchere ndi anyezi, ndinaiwiritsa bwinobwino, koma Bambo akuti sinawakhutitse. Mwina ndinalakwitsa posachotsa kachingwe kopyapyala kaja.

Dzulo nesi anawayeza. Atsika kachitatu. Lamba wawo alamu ako amuboola kale mabowo awiri atsopano ndi msomali. Tsiku lonse amangokhala pampando wa pakhonde, maso kumsewu, osakalipira munthu. Ukundimva? Bambo osakalipira munthu. Dzana mwana wa aneba anadutsa atanyamula mpeni chogwira kokuthwa, iwo anangomuyang'ana.

Ine ndinapempha nyama, iwe wanditumizira phunziro. Ukapitiriza kusakasaka sitolo yodalirika, udzaipeza ife tikusaka kalipentala wodalirika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa m'mabukuyo ndi wa mphepo. Kankhani kakoko ukalembe tikatha kudya.

Basi imanyamuka tsiku lililonse, kondakitala ndi yemwe uja wa chipewa chofiira.

Mlongo wako, wopanda mawu ena.

22 Juni

Achemwali,

Moni mwachangu, ndikulemba nditaimirira pa depoti. Nali bokosi. M'katimo muli madzi oundana, m'kati mwa madziwo muli pepala, m'kati mwa pepalamo muli fileti yathunthu, mutu mpaka mchira. Kondakitala ndamuuza kuti ndi mankhwala a wodwala, asaike pafupi ndi injini, asakhalirepo munthu. Sindinanama kwenikweni.

Za kalipentala zija zandipweteka. Sindinachedwe dala. Ndinapita kusitoloko katatu n'kubwerera pakhomo, ndidzakuuzani chifukwa chake tsiku lina.

Muiphike bwino.

Mlongo wanu.

25 Juni

Pulofesa,

Moni. Khala pansi.

Bokosi linafika bwino Lachiwiri madzulo, kondakitala atalinyamula pamiyendo ngati khanda. Lachitatu m'mawa ndinatsegula. Nyama yokongola, mwana wa mayi anga, yosalala ngati tsaya la mkwatibwi. Sindinawauze Bambo, ndinafuna angoona ili m'mbale. Alamu ako anali atapita kale kubutchala.

Ndiye ndinaganiza monga aganizira munthu aliyense wanzeru zake. Wodwala alibe mano. Nyama ya wopanda mano timaitani? Timaiwiritsa mpaka igonje. M'nyumba muno tinakulira za m'miyendo, za m'khosi ndi mchira, zotsala pa mbedza dzuwa likamalowa, ndipo zonsezo mankhwala ake ndi amodzi: moto ndi kudekha. Ndinaiduladula timagawo, ndinathira madzi odzaza poto, ndinaiika pamoto. Itatha ola limodzi ndinalawa, yolimba. Ndinati ikufuna nthawi. Maola awiri, yolimba kuposa poyamba. Ndinawonjezera makala. Pokwana maola atatu ndi theka inali itafota ngati zala za wochapa, yotuwa, youma, ukaitafuna imasanduka ulusi wa chiguduli. Ine wa mano onse ndinailavula.

Fungo ndi limene linawadzutsa Bambo. Ndinangomva ndodo kukhitchini, gogodo, gogodo, munthu amene sanapondeko kukhitchini mwezi wathunthu. Anavundukula poto, anatola kachidutswa, anakafinya ndi zala, n'kukayang'anitsitsa. Ndiye anafunsa motsitsa mawu: “Iyi inali chiyani?”

Ndinawauza.

Pulofesa, mawu aja anabwerera onse tsiku limodzi. Anakalipa mpaka nkhuku za aneba zinathawa. Akuti ng'ombe imeneyi yafa kawiri, koyamba ndi mpeni, kachiwiri ndi ine. Akuti nyama imeneyi siiona madzi, imangopsopsona chiwaya n'kuchoka. Akuti anabala ana awiri, wina amadziwa dzina osadziwa nyama, wina amadziwa moto osadziwa polekera. Anaimirira mphindi makumi awiri osagwira khoma. Ndinawafunsa kuti nanga poti mumadziwa, bwanji simunatiphunzitse? Anati, “Ndikanakuphunzitsirani pa chiyani? Inali yathu?” Atatero anabwerera pampando paja, maso kumsewu. Sanadye. Galu ndiye anadya, nayenso mochita kuganizira.

Usandiuze kuti safunsa anadya phula, ndadziuza kale ndekha. Koma nawenso, masamba onse aja, mabuku atatu, nsomba, nkhuku, kachingwe, osalembapo mzere umodzi wa kaphikidwe? “Muiphike bwino.” Zikomo kwambiri. Ndi digiri yomweyo imeneyi?

Lero atsikanso. Nesi wanena mosapsatira: Lachisanu likudzali akatsika, bedi akonzeratu. Bambo atamva anandiuza kuti ndiwachapire jekete yakuda. Ine nzeru zandithera. Chinthu chokha chimene chawaimiritsa mwezi uno ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo sauika m'mbale.

Mlongo wako.

27 Juni

Okondedwa Bambo,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndi chikhulupiriro chakuti kalata ino ikupezani mukupezako bwino. Achemwali, chonde muwawerengere mokweza, osadumpha liwu.

Ndamva za ngozi ya mu poto. Musawadzudzule kwambiri Achemwali, iwo sanapite patali ndi sukulu. Ine ndakhala pansi ndi mabuku, ndipo nkhani yonse ndaimvetsa tsopano, mwina kuposa mmene munthu angaimvetsere pongoima m'butchala.

Choyamba, ndazindikira kuti fileti ndi nyama wamba, kungoti anthu akale ankaiopa chifukwa chosawerenga. Munthu aliyense angathe kuichotsa pa ng'ombe. Ndaona pa chithunzi: umangotenga chikwanje n'kutema motsata msana, ikagwa n'kutola. Kansalu koyera konyezimira kamene kamakhala pamwamba pake sikofunika kuchotsa, n'kutaya nthawi chabe.

Chachiwiri, poidula muyenera kutsata mmene ulusi wa mnofu ukulowera, m'litali, kuti zidutswa zikhale zazitali bwino ngati zingwe za nsapato.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru: poti mano mulibe, njira yamakono ndi kuiponya yonse m'makina opera aja, pamodzi ndi mafuta a m'mimba ndi zotsala za pa thabwa, kuti ichuluke. Ndalembera kale alamu kuti Lachiwiri likudzali ayese njira ya chikwanjeyi pa ng'ombe yanu, n'kupera zonse ziwiri. A kuhotela sangadandaule, masiku ano anthu ophunzira amakonda zoperapera.

Inu musavutike n'kudzuka. Mwagwira ntchito yokwanira, tsopano zisiyireni ife odziwa.

Ndine mwana wanu womvera.

30 Juni

Iwe,

Moni sindikupatsa, ukamupeze m'buku. Akulemba ndi mlongo wako, ndipo ndamuuza alembe chilichonse mmene ndanenera.

(Ndikulemba, koma mawu atatu oyamba ndawasiya, kalata imadutsa m'manja mwa kondakitala wopemphera.)

Chikwanje! Pa ya kuhotela, chikwanje! Unaona ndani akumeta khanda ndi khasu? Ine ndinagulitsa njinga yanga yachiwiri kuti iwe ukaphunzire kutema msana wa ng'ombe ngati ukulambula msewu?

Dzulo Lachiwiri ndinadzuka m'mamawa, ndinavala epuloni yanga, ndinapita kubutchala ndekha. (Ndinawaperekeza, anapuma kanayi panjira, ndipo kawiri anatukwana mabuku.) Ndinamupeza mlamu wako akunola mpeni. Akuti kalata yako sanailandire, ndipo za chikwanje sakuzidziwa. Ndinati kaya walandira kaya sunalandire, choka pamenepo.

Tsono tchera khutu, poti makutu ndi okhawo unatengera kwa ine. Nyama imeneyi sitema, timachita kuinyengerera. Umayamba wachotsa impso ndi mafuta ake. Ukatero umalowetsa chala chachikulu pakati pa mnofu ndi fupa, chala ndicho chimatsogola, mpeni umangotsatira pambuyo ngati mlendo. Kampeni kakang'ono, nsonga yokha. Umamva ndi dzanja pamene yagwira, n'kudula pomwepo basi. Ikamasuka imadzigonera yokha pamkono. Kansalu konyezimira kaja umakasenda konse, mpeni utaupendeketsa, apo ayi pamoto kamakokana nyama n'kupindika ngati nsapato ya pamvula. Ndipo umadula mopingasa, mopingasa iwe, kudula ulusiwo, zala ziwiri kuchindikala kwake. Zingwe za nsapato ukadye wekha.

Manja atangogwira fupa anakumbuka.

Nditaichotsa ndinaona kuti kukufotokozera pakalata n'kutaya malovu, poti mlongo wakoyu ndi amene ali ndi poto, ndipo ndi woopsa. (Zikomo.) Ndinati aone ndi maso kamodzi, asadzaphenso ng'ombe ya munthu. Ndinakulunga umodzi, ndinatuma mlamu wako kuhotela kuti akanene kuti sabata ino alandira umodzi, winawo ndagwiritsa ntchito yophunzitsira. Zaka zonsezi sindinaperewezepo.

Ukudziwa anayankha chiyani? Khukhi wanga uja anapuma ntchito chaka chathachi, ali kwa mwana wake. Palibe anandiuza. Amene alipo tsopano akuti, “Palibe vuto, umodzi ukwana, winawo timangouponya mufiriji.” Palibe vuto! Ine kukwera chitunda chija pa njinga, mvula ndi dzuwa, ana anga akudya khosi, iye palibe vuto.

(Apa ndinafunsa ngati ndilembe kuti zawapweteka, anati ndilembe za chiwaya.)

Chiwaya chimayamba chatentha chokha mpaka dontho la madzi livine. Mafuta pang'ono. Mchere. Ukaikapo nyama usaigwiregwire ngati ukusankha tomato. Khukhi uja ankaimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi, n'kutembenuza, ndime yachiwiri, n'kuchotsa. Ndinkamuonera pakhomo lakuseri ndikudikira pepala langa. Ukachotsa umaisiya ipume kaye, nayonso yatopa. M'kati izikhala yofiirira. Mlongo wako anati ndi yaiwisi, ndinamuuza kuti maganizo ake pa nkhani ya nyama anathera mu poto muja.

Tsono mphunzitsi sangapereke chinthu asanalawe. Ndinadula kachidutswa kopyapyala, ndinaika pa lilime. Kanasungunuka. Ndinalawanso kuti nditsimikize za mchere. (Analawa magawo atatu athunthu. Ana anangoonerera.)

Ndipo ndikuuze zoona, mwana wanga, poti wina aliyense sindingamuuze. Ilibe kukoma. Kufewa yafewa, inde, koma kukoma kwake n'kwa madzi a m'chitsime. Mchira umene mayi ako ankaphika unkaposa apa kutalitali. Chikomekome cha nkhuyu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndinkaivulira chipewa nyama yaulesi, yosalimapo, yosakokapo ngolo, pamene zokoma tinkadya ndife osadziwa. Ndakwiya kwambiri moti lero ndadyanso kawiri kuti ndione ngati ndinalakwitsa. Sindinalakwitse. Mawa ndionanso.

M'buku lakolo ufufute zonse zija, ulembe izi: fileti ndi nyama imene wogulitsa nyama amailawa mano atatha.

Ndine bambo ako, amene akadali odziwa.

2 Julayi

Pulofesa,

Moni, ndipo lero ndi moni weniweni.

Tachokera kwa nesi. Sikelo sinatsike. Yakwera kachidutswa kakang'ono, koti nesi anachita kuvala magalasi. Ndisanasangalale ndinayamba ndawapisa m'matumba Bambo, poti ndimawadziwa, ndipo ndinapezamo chitsulo chonolera mipeni. Tinawayezanso opanda chitsulo. Yakwerabe. Nesi akuti bedi apatsa wina, tibwerenso pakatha sabata ziwiri. Jekete yakuda ndaibwezera m'sutikesi.

Tsopano tili ndi vuto lina. M'mawa uliwonse ali kubutchala, pampando pafupi ndi sikelo, kukalipira alamu ako za kagwiridwe ka mpeni. Alamu ako akuti ndikuuze kuti ukadzabwera akufuna akulankhule paseri. Lero hotela yalandiranso umodzi. Bambo akuti winawo akupitiriza kuufufuza.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Kalata ya alamu ako ija siinafike mpaka lero, ndipo kondakitala akulumbira kuti sunampatse. Ndinatenganso kalata yako yoyamba ija, ya mabuku atatu. Muja unalemba bwinobwino za impso ndi fupa la msana, munalibe chikwanje. Ndiye undiuze, iwe mwana wa mayi anga: unapusadi, kapena unachita dala? Ndipo zakuti sindinapite patali ndi sukulu, zinalinso m'gulu la mankhwala?

Mlongo wako, amene akudikira yankho ndi chikwanje m'manja.

5 Julayi

Achemwali,

Moni. Funso lanu loyamba sindiyankha, chifukwa kalata za m'nyumba mwanu zimawerengedwa mokweza. Ndingokumbutsa kuti munalemba nokha kuti mkwiyo sauika m'mbale. Ine ndinangoona kuti mu envulopu umalowa. Funso lachiwiri ndikupepesa, ngakhale kuti maola atatu ndi theka ndi nkhani imene adzukulu athu adzaimva.

Ndinalonjeza kukuuzani chimene ndinabwererera katatu pakhomo la sitolo. Ulendo woyamba ndinafika mpaka pagalasi. Wogulitsa anandifunsa kuti ndikufuna chiyani, ndipo ine, wa mabuku atatu, pakamwa panga panatuluka kuti, “Ya kuhotela.” Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana, tsaya langa n'kuyamba kutentha pomwe panagwa khofi paja. Ndinagula mafupa a supu n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangothera pakhomo. Inenso sindinailawepo, Achemwali. Kaphikidwe ndikanakalemba kuchokera kuti?

Tanthauzo la Bambo ndalilemba ndi pensulo m'mphepete mwa buku la kuntchito, tsamba lomwe lija. Ndi mzere wokhawo m'buku lonselo umene sindinaupezemo cholakwika.

Ndikubwera Loweruka pa basi ya kondakitala wa chipewa chofiira. Muwauze Bambo kuti ndikubwera ndi chikwanje changa chatsopano, ndikufuna andione mmene ndimachitira. Zimenezo ziwasunga pa mapazi mpaka Loweruka.

Koma gawo langa mundisungire. Ndipo chonde, poto mubise.

Mlongo wanu.